Chaka Chimene Mphenzi Inandilondera Munda

Anthu akandiona ndikupendeketsa mutu poyang'ana munthu amayesa ndi matama. Si matama ayi. Diso lamanzereli pakati pake pali mdima, limangoona za m'mbali. Lamanjali ndi limene anandichotsa ng'ala kuchipatala chachikulu, ndiye ndimachita kulilozetsa kumene ndikufuna kuona. Khutu limodzi nalonso limalira lokha ngati munalowa nyenje. Zonsezi inandisiyira ndi mphenzi imene inandiomba m'munda mwanga, m'phiri la kumtunda kwa Bangwe, chaka cha njala chija. Koma maso angawa sindiwo ankandisowetsa mtendere chaka chimenecho. Ankandisowetsa mtendere ndi mwana wanga Tadala, amene anali ndi pakati, n'kumakana kudya pamene chakudya chili tho m'munda mwa mayi ake.

Novembala

Ife a m'tauni ulimi wathu ndi wa timinda ta m'phiri. Palibe ali ndi pepala la malo, amene analambula tchire ndiye mwini wake. Wanga analambula ndi malemu bambo a Tadala, ndipo unachita malire ndi wa amake Yamikani. Amenewa tinkayandikananso nyumba, madzi tinkatunga pa mpopi umodzi, mchere tinkapemphana. Anali ndi ana atatu ang'onoang'ono, ndipo amuna awo anali atachotsedwa ntchito ku Limbe.

Mvula yoyamba inatipusitsa. Tinabzala tonse mothamanga, kenako dzuwa linaswa mtengo, mbewu n'kupsera m'nthaka. Tinabzalanso kumapeto kwa mwezi ndi mbewu yopemphetsa. Za feteleza musandifunse, mtengo wake tinkangoumvera pa wailesi n'kumaseka. Ine ndinasenza manyowa a nkhuku kuchokera ku Namiyango mpaka khosi kuuma.

Mwezi womwewo Tadala anabwerako ku Chilomoni kumene anakwatiwa. Mwamuna wake anali atapita ku Joni, foni yake n'kusiya kulowa, alandilodi n'kutulutsa katundu panja. Anafika ndi chikwama chimodzi, mimba isanayambe n'kuoneka komwe. Ndinati, "Lowa, iwe. Pano ndi kwanu. Tidya zomwe tidyezo."

Disembala

Khirisimasi itangodutsa ndinali m'munda kupalira. Kunacha bwinobwino, koma pofika masana mitambo inaunjikana cha ku Mpingwe, anthu n'kuyamba kutsika. Ine ndinatsala ndi mizere yochepa, ndiye ndinati ndimalize kaye, poti mvula inali isanadonthe n'komwe. Ndikukumbuka tsitsi likuimirira pansi pa duku, khasu likunjenjemera lokha m'manja. Basi. Kugunda kwake ine sindinakumve, anamva ndi ena.

Ndinatsitsimuka ndili chagada pakati pa mizere, mvula ikundimenya kumaso. Miyendo inali yozizira, yosamva kanthu, ngati ya munthu wina. M'khutu munkatuluka magazi, silipasi imodzi itang'ambika, paliponse fungo la tsitsi lopserera. Anthu analipo, koma ataima patali. Ndinamva amake Yamikani akulira, "Musawakhudze! Ikadali m'thupi, ikudumphirani!" Ndinafuna kuwatukwana koma lilime linakana. Anandinyamula ndi azibambo awiri ophwanya miyala, Mulungu awadalitse, ngakhale kuti anayamba kaye avala majumbo m'manja.

Kuchipatala miyendo inabwerera tsiku lomwelo madzulo. Kumsana kunatuluka zojambula zofiira zonga nthambi za mtengo, anthu a mu wodi ankachita kubwera kudzaonerera, koma zinafufutika zokha posakhalitsa. Pachifuwa, pamene panali pini wa bulauzi, ndiye panapsa chilonda. Anandiyeza mtima, n'kundiuza kuti khutu laphulika mkati. Anesi ena achikulire anakalipa atamva za majumbo aja. Anati munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi, ndipo ena amafa chifukwa anzawo amangoima n'kumayang'ana m'malo momuthandiza kuti apume. Potuluka adokotala anandiuza kuti maso akadzayamba kuvuta ndidzabwerenso, chifukwa moto wa mphenzi umawononga diso mwakachetechete, ng'ala n'kudzaonekera patapita miyezi. Ndinaseka. Ndinkawaona mpaka timabatani ta malaya awo.

Januwale

Njala inalowa m'Bangwe osagogoda. Chigoba cha chimanga m'mawa mtengo wina, madzulo wina. Timapaketi ta ufa tija timati wokumani tinkachepa sabata iliyonse mtengo uli pomwepo, ndipo madeya amene kale tinkapatsa nkhuku anthu anayamba kulimbirana pa chigayo. Mphekesera za chimanga chaulere sizinkatha, anthu ankakaima pa mzere tsiku lonse n'kubwerako atapinda matumba m'khwapa. Ena anagulitsa malata a bafa, ena anatumiza ana kumudzi.

Ine mutu unkandipweteka, ndinkaiwala kuti ndiwo ndathira kale mchere, ndipo kumwamba kukagunda ndinkanjenjemera ngati kamwana. Komabe kumunda ndinabwerera. Pamene inagwa mphenzi panali bwalo la chimanga chofota, koma kwina konseko chinali chobiriwira bwino, maungu atayanga m'mizere.

Achimwene anga aakulu anabwera kuchokera ku Machinjiri ndi bambo wina wa kachikwama ka mankhwala. Anati munda umene mwagwa mphenzi sadyamo munthu. Choyenera ndi kutchetcha chimanga chonse, kuchiotcha, bamboyo awaze mankhwala ake, ndiye chaka chamawa ndidzalime mwamtendere.

"Ndiye chaka chino tidya chiyani, achimwene?"

"Mlongo, moyo ndi wofunika kuposa chimanga."

"Moyo wake uti wopanda chimanga? Mutitumizira thumba kuchokera ku Machinjiri?"

Anayang'ana pansi. Nawonso kwawo kunalibe.

"Ndimvereni bwino," ndinatero. "Mphenzi yandilephera ine mwini wake. Amene alowe m'munda mwanga ndi chikwanje akumana ndi ine, ndipo ine sindiphonya."

Anapita akupukusa mutu, ine n'kumayesa ndapambana. Koma tsiku limene ndinaphika nkhwani woyamba, Tadala anakankha mbale. Amake Yamikani anali atamukhazika pansi, mwachikondi ndithu, n'kumuuza kuti mayi woyembekezera akadya za m'munda wa mphenzi mwana amabadwa maso ali oyera, osaona. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinatchula ndi malemu bambo ake omwe. Kenako ndinamunamiza kuti ndiwo ndagula pamsika, ndipo sindikulapa. Anandigwira ndi matope a m'phiri kumapazi. Kuyambira pomwepo anayamba kuphika kampoto kakekake, phala la madeya ogula ndi timaganyu tochapa zovala m'mayadi mwa anthu. Ndinati ndikagulitse ndiwo ku Limbe ndimugulire ufa, iye anati ufa wogula ndi za m'munda umenewo ndi chimodzimodzi.

Febuluwale

Maso anayamba ndi dzuwa. Ndikatuluka panja kuwala kunkandilasa, misozi chuchuchu. Kenako zinthu zinayamba kuoneka ngati ndikuyang'anira m'jumbo ya shuga. Tsiku lina ndinapereka moni waulemu kwa mgolo wa madzi. Alangizi anachuluka: wina akuti thiranimo shuga ikakande ng'alayo, wina mkaka wa m'mawere, wina madzi a masamba amene amawadziwa yekha. Ndinawauza kuti maso ndi anga, si mphika woti aliyense aziponyamo chake.

Ndinabwerera kuchipatala. Adokotala a maso anandidonthezera mankhwala n'kundiunika nthawi yaitali. Anati ng'ala ili konsekonse. Lamanja lidzaona akadzandipanga opaleshoni, koma ndidikire nyengo yozizira chifukwa odikira ndi ambiri. Lamanzere mphenzi inaboola kumbuyo kwake, kumene kumagwera chithunzi, ndiye ngakhale achotse ng'ala pakati pake padzakhalabe mdima. Ndinati chabwino, nanga chimanga? Ndinawafotokozera za Tadala. Anati, "Mayi, maso anu anavulala tsiku lomwe lija, osati m'mbale. Chimangacho ndi chimanga."

Ndinathamanga nawo mawuwo mpaka kunyumba. Tadala anamvetsera osandidula.

"Ku sikelo nakonso atero," anatero. "Akuti magazi ndi ochepa, ndizidya. Koma amayi, inu mwakhala mukudya za kumeneko, ndipo taonani maso anu. Mwezi watha mumalowetsa ulusi m'singano. Lero mukulankhula ndi khoma ine ndili kuno. Ndikhulupirire adokotala kapena maso anu?"

Abale inu, mawu amenewo anandipweteka kuposa mphenzi. Umboni wonditsutsa ndinali nditausenza pankhope panga. Ndinalowa kuchipinda n'kulira, ndipo kulirako kunali kwa mkwiyo.

M'phiri namo munali nkhondo. Chimanga chitangoyamba kukhwima akuba analowa. Munthu ankapita m'mawa n'kukapeza mapesi okhaokha. Azibambo anamanga tizisakasa n'kumalondera ndi zibonga, ena anathyola chimanga chikadali chamkaka kuti asaberedwe. Munda wa amake Yamikani, umene mbozi zinali zitaudya kale, akuba anaumaliza wonse. Wanga wokha unaima chiimire. Njira yodutsa pambali pake inamera udzu, anthu ankachita kuzungulira kutali. Ndinkanena pamsika, mokweza kuti amve bwino, "Ena akugona m'tchire, ine mlonda wanga anachokera kumwamba."

Malichi

Chimanga chinafika pa mondokwa. Ndinkaotcha pakhomo penipeni, pa mbaula, kuti fungo lilowe nyumba zonse, n'kumadya aliyense akuona. Tadala ankathawira kuseri. Mapazi ake anatupa, mikono ndikaigwira inali mafupa okhaokha, ndipo tsiku lina anagwa ndi chizungulire pa mpopi, anthu n'kubwera naye atamunyamula. Ndinamuuza kuti, "Iwe, mwana amene ukumutetezayo umupha ndi njala." Anangotembenukira kukhoma.

Kumunda tsopano ndinkayenda ndi manja. Njira miyendo inkaidziwa, ndipo m'mizere ndinkagwira phesi lililonse, kusisita chimanga kuti ndimve kukula kwake. Ndiye tsiku lina cha kumunsi, kumalire, ndinagwira phesi lopanda kanthu, pothyoledwapo pakadali ponyowa. Lotsatira chimodzimodzi. Maungu amene ndinkawadziwa malo ake panalibe. Wina akanakuwa kuti wakuba. Ine ndinakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. Kani kuli munthu m'Bangwe muno amene akudya chimanga cha mphenzi! Ndinafuna kumupeza munthuyo, iye ndi maso ake omwe.

Ndinaganiza kuti wakuba wake ayenera kuti amabwera m'phiri mulibe anthu. Lamulungu m'mawa, anthu ali ku tchalitchi, ndinakakhala pakati pa mizere nditafunda chitenje, khutu labwino nditalozetsa kumalire. Ndinamva mapazi, kenako thumba likukhwekhwereza masamba, kenako munthu akugwada.

"Ambuye, mukudziwa kuti sindine wakuba. Ana agona ndi njala. Mphenzi iyi ndaimanga m'dzina lanu, chikhale chimanga wamba. Amen."

Ndiye thyo! Thyo!

"Amen," ndinayankha. "Mwadzuka bwanji, amake Yamikani?"

Anakuwa, thumba n'kugwa. Ndinalumphira kumene kunachokera mawu n'kugwira mwendo.

"Amake Tadala, pepani, ndapota nanu, musandiitanire anthu!" Ankadziwa zimene amachitidwa wakuba chimanga kwathu kuno: kumumangirira chimangacho m'khosi n'kumuyendetsa mpaka pamsika, anthu akuwowoza m'mbuyo.

"Munayamba liti?"

"Atangondibera kwanga. Poyamba nkhwani, kenako maungu."

"Anawo akudya?"

"Akudya."

"Maso awo?"

Anayankha motsitsa mawu, "Ali bwinobwino. Ndimawayang'ana m'mawa uliwonse, mtima uli m'mwamba."

"Ndiye anu akukhuta chimanga changa, wanga akugwa pa mpopi chifukwa cha pakamwa panu? Mumamuona tsiku ndi tsiku, osapita kukamuuza?"

"Ndikanamuuza bwanji osaulula kuti ndikuba?"

Ndinkafunitsitsa kuwamenya mbama, koma mbama sikanadyetsa Tadala.

"Thumbalo dzazani," ndinatero. "Mukatero mundigwire dzanja titsike. Anthu sindiitana, koma mukanena nokha pamaso pa mwana wanga."

Kunyumba tinakhala pakhonde. Amake Yamikani ananena zonse akulira, kenako anaitana ana awo atatu aja. Tadala anawaimika padzuwa mmodzimmodzi n'kumawakanula zikope. Wamkulu anamuuza kuti awerenge zolembedwa pa khoma la golosale kutsidya kwa msewu, anawerenga. Ang'onowo anatchula mitundu ya zovala zimene zinali pa chingwe cha aneba. Ine ndinali nditayatsa kale mbaula. Ndinasenda chimanga, kuotcha, kuika m'mbale pakati pathu. Anawo sanadikire kuuzidwa.

Nkhope ya Tadala sindinkaiona, ndinkangomva kupuma kwake. Kenako mbale inasuntha, ndinamva mano akuluma.

"Awa ndi obadwa kale, amayi," anatero uku akutafuna. "Wanga ali m'mimba. Akabadwa wosaona, sindidzakukhululukirani."

"Ndavomera," ndinatero. "Tenga china."

Epulo

Tinakolola awiri ndi amake Yamikani, iwo maso, ine manja. Aganyu anakana kulowamo, ndipo zinakhala bwino, ndinalibe chowapatsa. Gawo la amake Yamikani ndinawapatsa masana, anthu akuona. Wa chigayo cha pafupi anatibweza, akuti ufa wathu utsalira m'makina n'kumuthawitsira makasitomala, ndiye tinakagayitsa ku Limbe kumene thumba salifunsa kwawo. Anthu ambiri chaka chimenecho sanakolole kanthu, chawo chinathera pa mondokwa ndi akuba. Achimwene anaimba foni kufunsa kuti maso ali bwanji, kumapeto kwake n'kufunsanso ngati ndingawaonereko kachigoba. Ndinawatumizira, ndi uthenga woti chimenechi sichinawazidwe mankhwala. Tadala ankadya katatu pa tsiku, masaya n'kuyamba kubwerera. Koma za mwana tonse awiri sitinkazitchula.

Meyi

Matenda a uchembere anamuyamba Tadala m'mawa, kukuzizira. Anatiperekeza kuchipatala ndi amake Yamikani, poti ine pamsewu ndinali wofuna kugwiridwa dzanja. Ndinakhala pa benchi panja tsiku lonse. Miyezi yonse ija ndinayankha aliyense, achimwene, a pamsika, mwana wanga yemwe, koma pa benchi paja mantha anandigwira. Zimene ananena adokotala ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse. Komabe ana ena amabadwa ndi vuto la maso popanda mphenzi iliyonse, ndipo zikanatero Bangwe yense akanati ndine, Tadala akanati ndine.

Cha kumadzulo anesi anatuluka n'kunena kuti wachira, mphatso ndi yaikazi. Anandilowetsa n'kundiika kamwanako m'manja. Ndinakasendeza mpaka mphuno zathu kugundana, ndinatembenukira kuwindo kumene kunali kuwala, koma ndinkangoona nkhungu yofiirira. Chinthu chimodzi chimene ndinachimenyera nkhondo miyezi yonse ija, ndinalibe maso ochionera.

"Tadala," ndinatero. "Maso ake?"

Ndinamva dzanja lake likukonza kansalu pankhope pa mwana, kenako linatsalira pa dzanja langa.

"Anesi amuunika ndi tochi, akuti ali bwinobwino. Akuda bii, amayi. Akuphethira kuwala kwa pawindopo."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi mwana ali pachifuwa. Kenako ndinaitana.

"Amake Yamikani, mulipo?"

"Ndilipo."

"Tsiku lotuluka m'chikuta, mwanayu ndidzanyamula ndine, m'manja, nkhope ili poyera. Inu mudzandigwira chigongono. Tidzadutsa pa mpopi, pa chigayo, pamsika. Ndipo tidzayenda pang'onopang'ono."